Tiyi wa Asewere Anga

Ine ndinabadwa wosakhulupirira zinthu msanga. Munthu akandipatsa moni wautali, ndimayang'ana m'manja mwake kuti ndione chimene wabwera kudzabwereka. Malemu amuna anga ankati ndikadzafika kumwamba ndidzayamba ndagogoda chitseko kuti ndimve ngati chili cha golide weniweni. Choncho pamene anthu a bungwe lina anakwera kuno, m'mapiri a kumtunda kwa Ntengo-Wambalame, n'kutiuza kuti tidzale tiyi, woyamba kufunsa kuti iwo apindulapo chiyani ndinali ine.

Kwathu kuno n'kwa mbatata ya kachewere, chimanga, nyemba ndi mapichesi. Tiyi tinkamudziwa wa m'timapepala ta pamsika, womwa pamaliro ndi pa Khirisimasi. Alendowo anati nkhungu yathu ija, imene ife timaitukwana chifukwa imabweretsa chiwawu m'kachewere, ndi imene tiyi amaikonda. Anati kutali uko kuli anthu ofuna tiyi wosakhudzidwa ndi chilichonse cha m'sitolo. Feteleza, amene kuno timati adubu, ayi. Mankhwala opopera, ayi. Manyowa a m'khola okha, udzu wophimbira nthaka, ndipo nsabwe zikabwera, madzi a masamba a deliya ndi tsabola. Ndinafunsa ngati anthu akewo ali odwala. Anangoseka.

Ndinalowabe koperativa, chifukwa kukayikira si kukana. Anatipatsa chitunda cha kuseri kwa tchalitchi, chimene kale chinali chongodyetsako mbuzi, n'kuchidula m'zigawo zopingasa kuyambira kumwamba mpaka kumtsinje. Chigawo cha pamwamba penipeni, mmunsi mwa miyala, chinagwera asewere anga, bambo ake a mkazi wa mwana wanga. Changa chinali chotsatira, mmunsi mwa chawo. Ena onse anandandalika kutsika nako.

Asewere anali munthu wa ng'ombe, wamtali, woyankhula ngati mawu akuchita kuwagula. Chipewa sichinkachoka kumutu kupatula m'tchalitchi ndi pamaso pa maliro. Ine ng'ombe ndilibe, ndiye chaka chilichonse ankanditumizira ngolo ya manyowa, osanena kanthu. Chaka choyamba ndinafukula mulu wonse kuti ndione ngati pansi sanaikepo dothi. Munali manyowa okhaokha. Iwo atamva anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira pamenepo akamatsitsa ngolo ankati, “Asewere, bweretsani khasu mupime katundu wanu.” Tinkagwirizana. Ndikufuna zimenezi zimveke kaye.

Tiyi wa koperativa sagulitsidwa ndi dzina la munthu. Masamba a tonse amathiridwa pamodzi, amafota pamodzi, amauma pamodzi, amalowa m'thumba limodzi. Mlangizi amene bungwe linatisiyira, amene tonse tinkangomuti atekiniko, ankabwereza mpaka kutopetsa kuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Wogula amatenga pang'ono m'thumba, amakapima kumakina, ndipo akapeza mankhwala ngakhale kadontho, katundu yense wakanidwa. Ndiye panaikidwa lamulo lakuti aliyense akhale diso la munda wa kumtunda kwake, popeza madzi a mvula amachokera kumtunda, ndipo chimene mnzako wathira mawa lake chili mwa iwe. Mayi wa mmunsi mwanga ankayang'anira ine. Ine ndinkayang'anira asewere. Asewere analibe woyang'anira, kumtunda kwawo kunali miyala ndi anyani basi.

Tsiku limene lamuloli linalengezedwa, anthu anatembenuka kundiyang'ana n'kuyamba kuseka. Wina anati ntchito yapeza mwini wake.

Tiyi ndi mbewu ya anthu odekha. Kachewere umadzala, umakumba, umaiwala. Tiyi umadzala, umapalira, umaphimbira, chisanu chimawaula, umadzalanso, ana amene anali kumsana amayamba kuthamanga, iwe usanathyoleko kalikonse. Ena anatopa n'kubweza zigawo zawo. Ife otsala tinafika pa tsiku lothyola: masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu lakumsana, masamba awiri ndi kansonga. Tinamanga chisakasa pafupi ndi mtsinje. Mmenemo masamba ankagona kuti afote, kenako tinkawatikita ndi manja pathebulo mpaka zikhatho kuda, n'kuwaumitsa. Fungo lake silinali ngati la m'timapepala lija. Ngakhale ine ndinavomera kuti linali labwino.

Katundu woyamba anali wochepa, tinafotetsera pamikeka. Kumakina anadutsa bwinobwino. Wogula anangodandaula kuti mukumveka kachinyezi, n'kutumiza uthenga kuti masamba asamagone pamkeka, azigona pa chinthu cha mabowo kuti mpweya uzidutsa pansi. Analonjeza waya wa sefa. Tinamanga mathandala, tinadikira. Mvula inabwera, msewu unadukaduka, shapa, timabasi tathu tija, zinasiya kukwera kuno, waya sanafike, ndipo tiyi sanadikire waya, anaphukira ndithu.

Sindikumbukira bwino amene anayamba kutchula maneti, ndipo masiku ano aliyense amaloza mnzake. Kuno kumapiri udzudzu ndi mlendo. Kumazizira kwambiri moti neti imene amapereka kuchipatala anthu ambiri sagonamo. Imatchinga anapiye kwa akabawi, imaphimba nazale ya kabichi, imapotedwa chingwe cha mbuzi. Chaka chimenecho anali atangogawa atsopano. Atekiniko anali atatiloweza za ukhondo mpaka tinkasamba m'manja tisanakhudze dengu, choncho palibe amene anayerekeza kubweretsa neti yakale ya anapiye. Tinapikisana. Aliyense anabwera ndi yake ili m'pulasitiki, n'kuimasulira pakhomo pa chisakasa kuti onse aone kuti sinagwirepo ntchito. Mpongozi wanga, mwana wa asewere uja, anali woyembekezera, ndipo kusikelo anali atamupatsa ina yobiriwira. Iyonso tinaitenga. Mathandala athu anaoneka bwino kwabasi, ndipo masamba ankafota mofanana, opanda chinyezi.

Pakati pa nyengo imeneyo mvula inadula kwa kanthawi, nsabwe n'kutera. Zinadzaza kunsi kwa nsonga zanga, masamba n'kupindika. Ndinasinja deliya, ndinasinja tsabola mpaka maso kutupa, ndinakatenga pampu ya koperativa, yopakidwa utoto woyera kuti isasokonezeke ndi za kachewere. Nsabwe zinkachepa lero, mkucha zabwerera. Kwa mayi wa mmunsi mwanga chimodzimodzi. Koma ndikakweza maso kumtunda, tiyi wa asewere anali wobiriwira bii, wonyezimira, wopanda ndi tsamba limodzi lopindika.

Poti inali ntchito yanga, ndinkakwerako. Ndinkatembenuza masamba. Ndinkafukula udzu wophimbira kufunafuna timibulu toyera ta adubu. Ndinkanunkhiza dothi. Asewere akandipeza ankangoima, manja kumbuyo.

“Mwapezapo chiyani lero, asewere?”

“Nsabwe zanu mwazibisa kuti?”

“Kuno kumawomba mphepo. Nsabwe sizikonda mphepo. Komanso mbewu yokhuta sidwaladwala.”

“Manyowa ake si omwewa mumandipatsa ine?”

“Inu ndimakupatsani ngolo. Ine khola lili pakhomo.”

Yankho linali lomveka. Koma ine yankho likamveka bwino kwambiri ndi pamene ndimayamba kuliganizira.

Mmawa wina kunagwa nkhungu yoti munthu sukuona phazi lako. Ndinalawira kukathyola, ndipo ndili chiweramire m'mzere wanga wapamwamba ndinamva masamba akuphwanyika kumtunda. Munthu anatulukira m'kati mwa tiyi wa asewere, ali ndi pampu kumsana. Sinali yoyera. Inali yachikasu, yawo ya kachewere, imene ndinkaidziwa bwino chifukwa mwana wanga ankaibwereka. Ataona ine anaima.

“Mwadzuka bwanji, asewere? Mwalawira.”

“Ndadzuka. Nanga pampuyo?”

“Ndikuchokera kudimba kuseri kuno. Mtengo wowolokera wapita ndi madzi, ndiye ndadulira mommuno.”

Anagwedeza pampuyo kuti ndimve kuti mulibe kanthu, n'kupitirira. Atazimirira m'nkhungu ndinakwera, ndinagwira masamba. Anali onyowa, koma mmawa umenewo chilichonse chinali chonyowa. Ndinanunkhiza zala, sindinamve kanthu, koma mphuno zanga zinali zitapsa kale ndi tsabola. Masana ndinazungulira mpaka kuseri kukaona mtengo wowolokera uja. Unalidi utapita. Ndinadziuza kuti mtengo kupita ndi madzi sikuletsa munthu kupopera. Sindinauze aliyense, ndinangozisunga.

Katundu wachiwiri anali wambiri, matumba oti amuna ankanyamula awiriawiri. Anapita msewu utauma. Patapita milungu tinamva mota, njinga yamoto ya atekiniko, ikukwera, ndipo momwe anaimikira, osaimba belu monga ankachitira, ndinadziwa kuti zaipa. Anaitanitsa msonkhano pakhonde la tchalitchi.

“Pulobulema ndi yaikulu,” anatero. “M'tiyi wanu mwapezeka mankhwala ophera tizilombo. Wogula wakana zonse. Nada, olo thumba limodzi. Wati akupatsani mwayi wina umodzi, mukalephera basi, akupita kwina.”

Aliyense anayamba kuyang'ana mnzake, osati kumaso, koma cha m'mapazi. Ndinamva mkwiyo wosaneneka. Zaka zonse zija ndikupalira chitunda, msana ukuwawa, ndikumwa madzi a tsabola m'maso, wina n'kudzatiphera zonse chifukwa cha ulesi wofuna kupha nsabwe tsiku limodzi.

Apulezidenti a koperativa, bambo wofatsa amene ankaopa mikangano kuposa njoka, anati tiyambe kumtsinje kukwera, aliyense anene zimene waona m'munda wa kumtunda kwake. Woyamba anati sanaone kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Mayi wa mmunsi mwanga anati mwa ine anaonamo nsabwe zokhazokha, anthu n'kuseka pang'ono. Mawu ankakwera chitunda, ndipo ndinkawamva akundiyandikira. Aliyense pakhondepo ankadziwa munda umene unalibe nsabwe.

“Mayi, nanga inu?”

Ndikanatha kunena kuti sindinaone kanthu. Koma anandipatsa ntchito ya diso, ndipo diso linaona. Ndinanena za nkhungu, za pampu yachikasu, za mtengo wowolokera. Za mtengowo ndinanena ndithu kuti ndinakaona ndekha kuti unapita. Sindinawonjezere, sindinachotsere.

Asewere anaimirira pang'onopang'ono. Sanayang'ane apulezidenti, anayang'ana ine.

“Asewere, munandiona ndikupopera?”

“Ndinaona pampu kumsana kwanu.”

“Ndafunsa kupopera.”

“Kunali nkhungu.”

“Ndiye simunaone.”

“Sindinaone kuti munapopera, sindinaonenso kuti simunapopere.”

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu pamsika n'kuona kuti sakwanitsa. Ena anayamba kuyankhula onse pamodzi. Wina anakumbukira kuti anaona asewere ku Ntengo-Wambalame akugula botolo la mankhwala. Munthu wolima kachewere kugula botolo n'chachilendo ngati? Koma tsiku limenelo chilichonse chinali umboni. Atekiniko anati lamulo ndi lakuti munda wokayikitsa upumitsidwe zaka zitatu: mwini wake azisamalira, koma tsamba lake lisalowe m'chisakasa. Apulezidenti anafunsa ngati asewere ali ndi mawu. Iwo anavula chipewa, chinthu chimene sindinachionepo kupatula m'tchalitchi ndi pamaliro, anayang'ana m'kati mwake, anachivalanso, n'kutsika masitepe.

Kunyumba mpongozi wanga anandilandira dengu monga mwa masiku onse, anandiikira madzi osamba, anagwada pondiuza kuti madzi apita. Mwana wanga ankangokonza njinga imene sinawonongeke. Patangopita masiku ochepa mtsikanayo anapempha kuti apite kwa amayi ake kukadikira nthawi yake. N'zimene amachita ambiri pa mimba yoyamba, koma nthawi inali isanakwane, ndipo ananyamula zovala zambiri kuposa za munthu wokachira.

Sabata yotsatira ndili m'munda ndinamva tcheni chikulira kumtunda, ndi mawu a asewere akukuwira ng'ombe. Ndinakwera mpaka m'malire. Anali atakumba mozungulira tsinde la tiyi, atakulunga tcheni, ng'ombe ziwiri zikukoka. Muzu wa tiyi umapita pansi kwambiri. Ng'ombe zinkagwada, tsinde linkalira, kenako n'kuzuka ndi dothi lake lonse. Mitengo imene anailera zaka zonsezo inali itagona mulu, masamba akadali bii.

“Asewere, anati zaka zitatu zokha!”

“Ndamva.”

“Nanga mukuzuliranji?”

“Kuti mupume, asewere. Mwatopa n'kukwera.”

Mtima unandiwawa, sindikana. Koma pobwerera ndinadzifunsa kuti munthu wosalakwa angazule munda wake chifukwa chiyani. Wosalakwa amalimbikira, amakuwa, amaitana anthu kuti adzapime masamba ake. Uyu akuchotsa umboni. Ndinauza mayi wa mmunsi mwanga maganizo amenewa, ndipo pofika Lamulungu anali maganizo a mudzi wonse.

Katundu wachitatu tinamusamala ngati khanda. Pampu yoyera inkagona kwa apulezidenti m'chipinda chokhoma. Tinkathyola m'magulu kuti wina asakhale yekha m'munda. Maneti ena anali atayamba kuda ndi utomoni wa masamba, ndiye tinasonkhanso atsopano kwa amene anali nawobe m'mapulasitiki. Tsamba la asewere munalibe ngakhale limodzi. Tinatumiza kaye pang'ono kuti akapime.

Mankhwala anapezekanso, ndipo atekiniko anati ulendo uno achuluka kuposa poyamba.

Masiku amenewo sindikufuna kuwakumbukira. Anthu anasiya kubwerekana moto. Mayi wa mmunsi mwanga ndinamupeza kawiri akufukula udzu m'munda mwanga, akununkhiza zala, ndipo ndinamufunsa ngati wataya ndolo. Inenso ndinayamba kuwerengera aliyense: apulezidenti amene ankasunga kiyi, mkazi wawo amene ankatsala m'chisakasa ena tikapita, atekiniko amene mwina ankagulitsa tiyi wathu kwina n'kumatinamiza za makina. Ena ankati asewere akubwezera, amabwera mobisa kudzawaza m'minda yathu. Nditamva zimenezo sindinatsutse.

Pamapeto pake wogula anatumiza munthu wake, mayi wina wamfupi wovala nsapato za jombo, amene ankayankhula Chipwitikizi atekiniko n'kumamasulira. Anayenda munda uliwonse kuyambira kumtsinje. Anatembenuza masamba monga ndinkachitira ine, anayang'ana pampu, anafunsa kumene timatunga madzi. Sanapeze kanthu. Dzuwa litapendeka apulezidenti anati alendo asapite asanaone chisakasa, chifukwa n'chimene tinkanyadira nacho. Tinatsegula chitseko. Masamba a tsiku limenelo anali atayalidwa bwinobwino pamathandala, pa maneti oyera ndi obiriwira.

Mayiyo anaima pakhomo. Analowa, anakankhira masamba pambali, anagwira neti, anatsatira msoko wake mpaka anapeza kansalu kolembedwa kamene kamakhala pakona. Anawerenga. Kenako anakhala pansi pa thumba, n'kugwira mutu ndi manja onse awiri.

Atekiniko anamasulira mawu ake motsitsa, akuyang'ana kudenga. Neti ya kuchipatala siimangotchinga udzudzu. Ulusi wake umabwera ndi mankhwala, kuti udzudzu ukangotera ufe. Ikakhala yatsopano, yosachapidwa, ndi pamene mankhwala ali ndi mphamvu. Ife tinkayala masamba anyowa pamenepo usiku wonse, n'kumawatembenuza ndi manja kuti mbali zonse zikhudze.

Kunena zoona, ambiri tinamvapo kusikelo kuti neti ili ndi mankhwala. Koma mankhwala a neti anali nkhani ya udzudzu ndi ana, ya anamwino. Mankhwala amene tinkasaka ife anali a m'botolo, obwera ndi munthu woipa mtima, pampu ili kumsana. Palibe anaganiza zoyang'ana chinthu chimene tinachimasula tokha m'pulasitiki tikuombera m'manja. Atekiniko anati iwo mathandala sanawaonepo ali ndi maneti. Ine ndikukumbukira tsiku lina atabisala mvula m'chisakasamo, atatsamira thandala, akudya mapichesi. Mwina ankayang'ana mapichesiwo.

Mayiyo anati poti chifukwa chapezeka, wogula sathawa. Waya anabwera mwezi womwewo, pa galimoto imene akuti kale lonse inkalephera msewu wathu. Mayiyo asananyamuke anakweza maso kuchitunda n'kufunsa za chigawo chapamwamba, chimene tsopano chinali mizere yofiira yokonzekera mbewu. Atauzidwa kuti mwini wake anatuluka m'koperativa ndipo adzalamo kachewere, anafunsa kuti munda wotsatira ndi wa ndani. Anthu anandiloza. Mayiyo anati kachewere amapoperedwa, amathiridwa adubu, ndipo madzi ndi mphepo zidzatsitsira zonsezo kwa ine. Choncho mizere yanga ya kumtunda isathyoledwenso, ikhale mpanda wotchinjiriza ena onse, ndipo m'malire ndidzale udzu wa vetiva. Anayenda yekha kundisonyeza polekezera. Inali pafupifupi theka la munda wanga, ndipo inali mizere imene inkabereka bwino, chifukwa inkalandira madzi ochokera m'manyowa a asewere.

Tinapita kukapepesa, apulezidenti patsogolo atanyamula tambala, ine pambuyo. Mpongozi wanga anali atachira, mwana wamkazi, ndipo anali pakhonde akuyamwitsa. Asewere anatilandira bwino. Anatulutsa mipando, analandira tambala ndi manja awiri, anamvetsera mpaka apulezidenti anamaliza. Anati palibe mlandu, chibale ndi fupa. Apulezidenti anati mbande zilipo kunazale, koperativa idzawathandiza kudzalanso.

“Ndili ndi zaka zingati zodikira tiyi wina?” anafunsa asewere. “Mbewu ya kachewere ndagula kale.”

Ine ndinati, “Asewere, ine ndinanena zimene ndinaona.”

“Eya. Simunaname.”

Anandipatsa mdzukulu kuti ndimunyamule. Pobwerera anatinyamulira kachewere wa kudimba m'kathumba. Mpongozi wanga anabwerera kwathu patapita miyezi, ndipo timakhala bwinobwino, ngakhale nkhani za kumunda sitikambirana. Ngolo ya manyowa sinabwerenso. Sindinafunse, iwonso sananene.

Anthu ena amafuna kuti ndizinena kuti ndinalakwa. Ine ndimawafunsa kuti akanakhala iwo, atafunsidwa pamaso pa gulu, akanati pampu sanaione? Amene anaika lamulo la diso si ine. Amene anakumbukira za botolo si ine. Ndipo mpaka lero palibe amene anandiuza zogwira mtima chifukwa chake nsabwe zinadumpha munda umodzi wokha. Mphepo imawombanso kwa ine.

Koperativa ikuyenda. Tiyi wathu amadutsa kumakina, ndipo alendo akabwera amajambula chitunda chathu m'nkhungu. Mizere yanga yosathyoledwa ija yakula kupitirira mutu wanga, imachita maluwa oyera, njuchi zimasangalala nayo. Ine ndimathyola kumunsi kwake. Lamulo lija silinasinthe, ndidakali diso la munda wa kumtunda, ngakhale tsopano mulibe chobisika: adubu amathira masana, matumba ake amawasiya poyera.

Asewere sapopera kukakhala mphepo, sapoperanso kukakhala nkhungu. Amadikira mmawa wowala, wopanda kamphepo, ine nditafika m'munda. Amabwera mpaka pa vetiva, pampu yachikasu ili kumsana, amaima pamene mitengo yatalikirana kuti ndiwaone bwino. Ena amati n'chifundo, kuti ndivundikire dengu langa. Ine sindikudziwa. Mawu ake amakhala omwewo nthawi zonse, aulemu, osakweza.

“Asewere, mwadzuka? Tayang'anani kuno. Lero ndiye ndikupopera.”